M'busa Akalowa Ndale, Guwa Limatsala ndi Yani?

Mawu a bwalo la akulu a mpingo, olankhulidwa pa mapemphero a chikondwerero cha zaka 50 za mpingo wathu wa ku Kabulonga



Komiti yokonza chikondwererochi itatipempha kuti tilankhule, ambiri munayembekeza kuti titchula mayina a abusa onse amene anadutsa pano ndi kuthokoza amayi amene anagulitsa zitumbuwa kuti tigule malata a nyumba ino. Zonsezo zili m'masamba ena a kabuku kano, ndipo muziwerenge. Ife tasankha nkhani imene takhala tikunong'onezana panja poimika magalimoto, koma sitinaikambepo muno poyera. Nkhaniyo ndi iyi: m'busa kapena mkulu wa mpingo akamva kuti akuitanidwa kulowa ndale, mpingo uchite chiyani? Nanga andale akafuna kuima pa guwa lathu, tiwayankhe bwanji?

Mpingo wa kumudzi ukhoza kutha zaka zambiri osakumana ndi funso limeneli, koma ife malo amene Mulungu anatiikapo satilola kulizemba. State House ili pafupi, munthu akhoza kuyendako wapansi. M'mipando ino mwakhala nduna za boma, alembi aakulu a maunduna, akuluakulu a asilikali ndi a mabanki. M'mipando yomweyi mumakhalanso amayi ndi abambo amene amalawirira m'mamawa kuchokera ku Kalingalinga ndi ku Mtendere kudzasesa, kudzaphika ndi kudzathirira maluwa m'mayadi a anthu omwewo. Chaka cha masankho chikafika, alembi a mpingo amalandira makalata opempha kuti wakutiwakuti apatsidwe mphindi zisanu zoti apereke moni. Ndipo si kamodzi kokha pamene anthu a chipani afika kwa mtumiki wa Mulungu ndi kumuuza kuti anthu amamukhulupirira, aime, adzapambana. Pofuna kuti tiganize bwino, tiyeni tione za abusa awiri amene anayenda njira imeneyi ife tisanabadwe monga mpingo.

Achinyamata ayambe adziwa mmene Kabulonga analili ufulu usanabwere. Kuno kunali kwa azungu. Munthu wakuda ankagona kuno ngati wantchito, m'kanyumba ka kuseri. Sukulu zimene lero timati Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls zinkatchedwa Gilbert Rennie ndi Jean Rennie, ndipo zinali za ana a azungu. M'tauni, makolo athu ankagula nyama pa kazenera ka m'mbali mwa butchala, osaloledwa kulowa pakhomo. Kuyambira mu 1953 dziko lathu linamangidwa pamodzi ndi Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'chitaganya chimene anthu akuda sanachifune. Chomvetsa chisoni n'chakuti tsankho lomwelo linalowanso m'matchalitchi ambiri: azungu kwawo, akuda kwawo, onse akuwerenga Baibulo limodzi.

Mu 1956 mpingo wa Methodist unatumiza kuno m'busa wachinyamata, a Colin Morris, wobadwira ku Bolton m'dziko la England mu 1929. Anawapatsa mpingo wa azungu a ku migodi ku Chingola. Akanafuna mtendere akanangobatiza ana, kudalitsa maukwati ndi kumwa tiyi m'nyumba za mabwana. Koma ataona mmene anthu akuda ankakhalira, anayamba kulalikira kuti tsankho la khungu ndi tchimo, ndipo anatsekula zitseko za tchalitchi kuti aliyense alowe. Akhristu awo ambiri anakwiya n'kusiya kubwera. Anthu ena anathyola tchalitchicho n'kuononga zam'kati. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka a Morris kanapweteka anthu a mtundu wawo womwe. Panthawiyo analibe mpando uliwonse. Anali ndi guwa basi, ndipo dziko lonse linamva za iwo.

M'zaka zomwezo anapalana ubwenzi ndi a Kenneth Kaunda, amenenso anali mwana wa mtumiki wa Mulungu, a David Kaunda, amene anachokera ku Nyasaland kudzayamba ntchito ku Lubwa. Mu 1960, a Kaunda atangotuluka m'ndende ndi kukhala mtsogoleri wa UNIP, awiriwa anatulutsa buku la zokambirana zawo lotchedwa Black Government? limene linasindikizidwa ndi bungwe la mabuku achikhristu muno mu Lusaka. Apa ndi pamene maganizo amene amavuta m'busa aliyense wokonda chilungamo anawafikira. Ulaliki umasintha mitima ya anthu ochepa, pamene lamulo limodzi lopangidwa m'Nyumba ya Malamulo limasintha moyo wa dziko lonse. Bwanji osapita kumene malamulo amapangidwa? Choncho a Morris anakhala m'modzi wa atsogoleri a Liberal Party, chipani cha a John Moffat, mwana wa m'mishoni wa ku Chitambo. Chipanichi chinkafuna kukhala mlatho, kuti ulamuliro upite kwa anthu akuda popanda kukhetsa mwazi ndiponso popanda kuthamangitsa azungu. Koma azungu ambiri anachiona ngati cha anthu ogulitsa mtundu wawo, ndipo anthu akuda anali atatopa ndi mawu akuti dikirani pang'ono. Pa masankho a mu Okutobala 1962 chipanicho sichinapeze mpando ngakhale umodzi, ndipo chinatha. Boma linapangidwa ndi UNIP pamodzi ndi ANC ya a Harry Nkumbula.

Tikupempheni muone chimene chinachitika apa. Munthu anali yemweyo, maganizo ake pa tsankho anali omwewo, koma makutu a anthu anasintha. M'busa akadzudzula choipa ali pa guwa, akudziwa kuti Sabata lotsatira mipando ikhala yopanda anthu, omvera amaona kuti munthuyu akutaya kanthu chifukwa cha zimene akunena, ndipo amatchera khutu. Akanena mawu omwewo ali pa msonkhano wokopa anthu, omvera amayamba kuwerengera mavoti amene akufuna kupeza. Ngakhale atakhala woona mtima chotani, wasanduka m'modzi wa opikisana, ndipo theka la anthu amene kale anali nkhosa zake tsopano ndi a chipani chotsutsana naye.

A Morris anaika mtima wawo pa ntchito ya mpingo, ndipo kumeneko ndi kumene dziko linawafunanso. Mu 1964, miyezi yochepa ufulu usanafike, kunabuka nkhondo pakati pa boma ndi mpingo wa Lumpa wa mayi Alice Lenshina. Inayambira ku Chinsali n'kufika mpaka ku Lundazi, ndipo anthu oposa 700 anafa. Ena mwa inu ochokera kum'mawa munamva nkhaniyi kwa makolo anu. A Morris anali m'gulu la amene anayesa kukhala amkhalapakati kuti kuphana kuthe, ntchito imene phungu wa chipani sakanaigwira. Pa 16 Januwale 1965 mipingo ingapo inalumikizana ku Mindolo n'kupanga United Church of Zambia, ndipo anasankhidwa kukhala mtsogoleri wake woyamba. Mu 1966 panatuluka buku la makalata a a Kaunda opita kwa iwo, lotchedwa A Humanist in Africa. Tsopano bwenzi lawo linali mu State House. Kudzudzula bwanamkubwa wachitsamunda n'kovuta, koma kudzudzula mnzako amene unavutika naye limodzi, amene amakuitana kudzadya naye, n'kovuta koposa. A Morris anabwerera ku England mu 1969, anatumikira ku Wesley's Chapel mu London, kenako ku BBC, ndipo anamwalira mu 2018. Dziko lathu linakhala la chipani chimodzi mu Disembala 1972, iwo atapita kale. Mayeso a kudzudzula bwenzi anatsalira ife.

M'busa wachiwiri anakhala kutsidya kwa Zambezi, ndipo iye analowa ndale ndi miyendo yonse iwiri. A Garfield Todd anachokera ku New Zealand mu 1934 kudzatumikira pa mishoni ya Dadaya ku Southern Rhodesia. Anali mlaliki, mphunzitsi ndi womanga nyumba. A Ndabaningi Sithole anaphunzira pa sukulu yawo, ndipo a Robert Mugabe anaphunzitsapo pamenepo ali mnyamata. Mu 1946 a Todd anasankhidwa kukhala phungu, ndipo mu 1953 anakhala nduna yaikulu ya dzikolo. Anachita zabwino zimene m'mishoni wamba sakanazikwanitsa: anakulitsa maphunziro a ana akuda, ndipo anayesa kuonjezera anthu akuda m'kaundula wa ovota. Koma mpando uli ndi zofuna zake. Mu 1954 anthu a pa mgodi wa malasha ku Wankie, umene lero timati Hwange, ananyanyala ntchito, ndipo ambiri mwa ogwira ntchito kumeneko anali ochokera kuno ndi ku Nyasaland. Amene anatumiza asilikali kukathetsa kunyanyalako anali m'busa yemweyo. Tisamanamizane kuti mtumiki wa Mulungu akapatsidwa ulamuliro manja ake adzakhala oyera nthawi zonse. Wolamula amagwira lupanga, ndipo tsiku lina amauzidwa kuti alisolole.

Nduna zawo zomwe zinawaukira kumayambiriro kwa 1958 chifukwa choti ankakondera anthu akuda, ndipo anachotsedwa pa mpando. Atachoka m'boma ndi pamene mawu awo anayamba kumveka bwino. Boma la a Ian Smith linawaletsa kuchoka pa famu yawo mu 1965, ndipo mu 1972 linawamanga pamodzi ndi mwana wawo wamkazi, Judith, kenako linawaika pa ukaidi wosachoka panyumba mpaka 1976. Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, a Mugabe anawaika m'nyumba ya Seneti, nyumba yachiwiri ya malamulo imene kuno kwathu tilibe. Anakhalamo mpaka 1985. Munthu wina akanati ndakalamba, ndalemekezedwa, ndikhale chete. A Todd ataona nkhanza ndi katangale m'boma la munthu amene anawapatsa ulemuwo, analankhula poyera. Mu 2002, ali ndi zaka zoposa 90, dzina lawo linachotsedwa m'kaundula wa ovota m'dziko limene anakhalamo kuyambira 1934, ndipo anamwalira chaka chomwecho ku Bulawayo. Boma la azungu linawatsekera, boma la anthu akuda linawalanda voti. Zaka zimene anthu amawakumbukira nazo kwambiri ndi zimene analibe mpando woti ateteze.

Nkhani imeneyi si ya azungu okha. Anthu akuda awiri oyamba kulowa m'Nyumba ya Malamulo ya dziko lino mu 1948 anali a Nelson Nalumango ndi M'busa Henry Kasokolo. M'masiku athu ano, a Nevers Mumba, amene ambiri tinkawaonera akulalikira pa wailesi yakanema, anayambitsa chipani, anaima pa masankho a mtsogoleri wa dziko mu 2001, anasankhidwa ndi a Levy Mwanawasa kukhala wachiwiri wawo mu 2003, ndipo anachotsedwa mu 2004. Pambuyo pake anakhala kazembe wathu ku Canada, kenako mtsogoleri wa MMD. Mu 2016 M'busa Godfridah Sumaili anakhala nduna yoona za chipembedzo. Ku Malawi a Lazarus Chakwera anatula pansi utsogoleri wa Assemblies of God mu 2013, analowa Malawi Congress Party, ndipo mu 2020 anakhala mtsogoleri wa dziko. Sitinabwere kudzaweruza anthu amenewa, ndipo tikudziwa kuti muno muli ena amene anawavotera ndi ena amene sanawavotere. Tangowatchula kuti muone kuti njirayi ndi yopondedwa, ndipo mawa akhoza kuiyenda ndi mwana wa mpingo uno.

Tsono tifunse: pa zaka 50 zimene takhala pano, ndi liti pamene mpingo wa Khristu unathandiza kwambiri Zambia pa nkhani za ulamuliro? Tikukumbukira nthawi zitatu. Mu 1979, boma likufuna kulowetsa m'masukulu chiphunzitso cha Marx chimene chimakana Mulungu, maepiskopi a Katolika, bungwe la mipingo ya Chikhristu ndi bungwe la mipingo ya chievanjeliko analemba kalata imodzi yokana, ndipo m'kupita kwa nthawi boma linaleka. Mu Julayi 1991, a Kaunda ndi a Frederick Chiluba atalephera kumvana za malamulo oyendetsera dziko, atsogoleri a mipingo anawakhazika pansi mu Cathedral of the Holy Cross, ndipo masankho a pa 31 Okutobala anachitika mwamtendere. Mu 2001, pamene anthu ena ankafuna kusintha malamulo kuti a Chiluba alamule kachitatu, mabungwe atatu aja anagwirizana ndi maloya ndi mabungwe a amayi mu Oasis Forum. Ambiri a ife tinavala timaliboni tobiriwira ndi kuliza mahutala m'misewu ya Lusaka. Kumbukirani kuti a Chiluba ndi amene pa 29 Disembala 1991 analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo abusa ena anaona kuti n'kosayenera kutsutsa m'bale wotere. Koma mipingo inakana, ndipo iwo sanaimenso. Nthawi zitatu zonsezi, amene analankhula anamveka chifukwa panalibe mpando umene ankaufuna. A Kaunda ndi a Chiluba sakanavomera kukhala pansi pamaso pa bishopu amene nayenso anali pa pepala lovotera.

Pa tsiku lachikondwerero n'kosavuta kudzitamanda ndi ntchito za ena, choncho tiulule zathu. Mpingo uno unabadwa m'nthawi ya chipani chimodzi. M'zaka zimene anthu ankatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo amayi ankabwezedwa pa msika chifukwa chosowa khadi la chipani, ife tinkapempherera atsogoleri powatchula mayina Sabata lililonse, koma a m'ndende sitinkawatchula. Tinkaopa, pakuti ena mwa amene ankasaina mapepala aja ankakhala m'mipando ya kutsogolo. Mu Juni 1990, mtengo wa ufa utakwera ndipo anthu ataphedwa m'misewu ya mzinda uno, tinalalikira za kuleza mtima kwa anthu amene m'nyumba zawo munalibe chakudya, ife titadya. Ndipo chaka china cha masankho tinalandira mphatso yaikulu ya ntchito yomanga kuchokera kwa munthu wina amene ankaima. Tinamuimika kutsogolo kuno, tinaomba m'manja, ndipo kwa zaka zingapo pambuyo pake panali nkhani zina zimene pa guwa lino sizinkatchulidwa. Palibe anatiletsa. Tinadziletsa tokha, chifukwa tinali titadya zake. Akhristu ena a chipani china anachoka mwakachetechete, ndipo ena mpaka lero sanabwerere. Ngati muli pano lero monga alendo, tikupempha kuti mutikhululukire.

Malemba satiuza kuti ntchito ya boma ndi yodetsedwa. Yosefe anasunga chakudya cha Aigupto, Danieli anatumikira mafumu a ku Babulo, Nehemiya anali woperekera chikho kwa mfumu, ndipo Obadiya, kapitawo wa m'nyumba ya Ahabu, anabisa aneneri 100 m'mapanga. Inu amene mumagwira ntchito m'maunduna, amenewa ndi abale anu. Koma Malemba omwewo amasiyanitsa ntchito ya mfumu ndi ya mneneri. Pa 2 Samueli 12, Natani anatha kuloza Davide chala pa mlandu wa Uriya chifukwa anatumidwa ndi wina woposa Davide. Pa 1 Mafumu 22, aneneri 400 a kunyumba ya mfumu ananena zokomera Ahabu, ndipo Mikaya yekha, amene mfumu inkadana naye, ndiye ananena zoona. Pa Amosi 7 timakumana ndi Amaziya, wansembe wa ku Beteli, amene anathamangitsa Amosi chifukwa kachisiyo ankamuona ngati wa mfumu. Amaziya sanasiye unsembe. Ankapereka nsembe masiku onse, atavala zovala zake zaunsembe, koma anali atasanduka mlonda wa mfumu. Choopsa chachikulu kwa mpingo ngati wathu ndi chimenechi, kuposa m'busa amene watsanzika poyera n'kupita ku Manda Hill.

Chifukwa cha zonsezi, ife akulu a mpingo tikubweretsa mfundo zisanu kuti mukazikambirane m'milaga yanu, ndipo tidzazitengere ku msonkhano wa mpingo wonse.

Choyamba, mkhristu aliyense wa mpingo uno amene afuna kuima pa ukhansala, pa uphungu kapena pa udindo wina uliwonse, tidzamupempherera ndi kumulangiza, kaya ndi wa chipani chiti. Awiri akaima pa mpando umodzi, tidzawapempherera onse tsiku limodzi, ataima pamodzi.

Chachiwiri, m'busa kapena mkulu wa mpingo amene wasankha kuima ayambe watula udindo wake muno. Mapanga awiri avumbwitsa. Atuluke pa khomo la kutsogolo ndi mdalitso wathu, koma guwa alisiye. Akalephera masankho, asabwerere pa guwa Sabata lotsatira ngati kuti anangopita kukacheza. Akhale kaye pansi pakati pa akhristu kwa nthawi imene mpingo udzagwirizane, kuti amene anapikisana naye athe kulandiranso mgonero kuchokera m'manja mwake popanda chowawa mumtima.

Chachitatu, pa guwa lino sipadzaperekedwa moni wa kampeni. Wandale akabwera kudzapemphera, tidzamulandira monga timalandirira mlendo aliyense, ndipo adzakhala pamene pali malo.

Chachinayi, mphatso ya munthu amene akuima pa masankho idzalowa m'mbale ya chopereka monga ya mayi wamasiye, popanda kulengeza dzina kapena kujambula zithunzi. Amene sangapereke mwa njira imeneyi asunge ndalama zake mpaka masankho atatha.

Chachisanu, ndipo ichi ndicho chovuta, guwa limene talitchinjiriza chotere tiligwiritse ntchito. Tikakana andale n'kukhala chete pa zonse, tangodzipezera njira yaulemu yothawira. Kolera itabuka mu Lusaka kumapeto kwa 2023, mpaka bwalo la masewera la Heroes linasanduka chipatala, amene anadwala kwambiri ndi a m'makomboni mmene madzi abwino ndi zimbudzi n'zosowa. Za madzi amenewo pa guwa lino pazilankhulidwa, kaya boma ndi la chipani chimene ambiri a ife timachikonda. Za malipiro a antchito a m'nyumba pazilankhulidwanso, ngakhale olemba ntchitowo ndi ife tomwe. A Morris anayambira pa anthu amene ankawalipira, ndipo m'busa wathu akachita chimodzimodzi tisakamunenere ku sinodi kuti walowa ndale.

Tikudziwa kuti ena simugwirizana nafe, ndipo pa bwalo lathu lomwe tinatsutsana. Mkulu wina anatifunsa kuti, ngati anthu oopa Mulungu onse akhala m'tchalitchi, dziko tilisiyira afisi? Funso limeneli ndi loona, ndipo ana ambiri a ku Zimbabwe anaphunzira chifukwa a Todd analowa m'boma. Yankho lathu ndi lakuti mpingo uno uli ndi aphunzitsi, maloya, anamwino, amalonda ndi alimi ambiri amene akhoza kupita ku Nyumba ya Malamulo, ndipo tikuwalimbikitsa kuti apite. Koma akakafika kumeneko adzafuna munthu amene angawauze zoona tsiku limene adzalakwe, munthu amene sakufuna mpando wawo ndiponso sakuyembekeza kanthu kwa iwo. Tikatumiza m'busa kuti akakhale nawo pa benchi limodzi, adzawauza ndani?

Ana a Sande sukulu amene mwaimba m'mawa uno, ambiri a inu mudzakhalapo pamene mpingo uno udzakwanitsa zaka 100, ife titagona. Maboma amene tawatchula lero anabwera ndi kupita: chitaganya chinatha mu 1963, UNIP inachoka mu 1991, MMD mu 2011, PF mu 2021. Nthawi iliyonse panali akhristu amene anaganiza kuti tsopano boma ndi lathu, tikhoza kupuma. Mudzawamvanso akunena zomwezo. Mudzatiweruze ngati tinakusiyirani guwa limene mwana wa ku Kalingalinga ndi nduna ya boma angathe kumva mawu amodzimodzi.

Tikuthokoza Mulungu amene watisunga zaka 50 ngakhale tinali amantha nthawi zina. Tikuthokoza abusa onse amene anatiuza zimene sitinkafuna kumva. Abusa athu, tikupempha kuti mutitsogolere m'pemphero, mupempherere atsogoleri a dziko lino, otsutsa boma, ndi onse amene ali m'ndende lero.